Nthawi Yake Sinakwane

Chikwangwani chinabwera mu Malichi,
chofiira, penti akadanunkha.
Namatika anachikhoma yekha pageti
ndi misomali itatu, umodzi wopindika,
nati: Bwana, nyumba ngati iyi sigona pamsika.
Zipinda zinayi, matailosi mpaka kukhitchini,
galaja ya galimoto ziwiri, sola padenga,
koma chimene tikugulitsa kwenikweni ndi ilo.
Analoza phiri ndi kiyi wa galimoto yake.

Ndinati tidikire mvula ithe.
Wobwera lero aona matope a njira yochokera ku Chitakale,
afunsa za napolo asanakhale pansi,
kenako akweza maso, aona banga lija
pasiling'i ya chipinda chapakati,
pomwe Edina ankatchera beseni la buluu.

Mu Epulo mathithi anayera paphiri
ngati nsalu zoyanikidwa Loweruka,
tiyi kubiriwira mpaka kutosa m'maso.
Foni inalira ndili kudya phala:
Ino ndiyo nthawi, bwana,
pali dokotala wa ku Blantyre, ndalama ili m'manja.
Ndinati kwacha ikusungunuka, mwanawe,
mtengo wa nyumba yonse lero
mawa ugula khitchini yokha.

Juni anabwera ndi chiperoni chake.
Banja lina linaima pakhonde, makolala m'mwamba,
mkazi n'kufunsa: Nanga phirilo lili kuti?
Namatika anawaonetsa pafoni,
akukulitsa Chambe ndi zala ziwiri.
Anachoka osamaliza tiyi.
Ine ndinatseka geti ndikuimba kamluzu
ngati mwana amene jakisoni wamuphonya.

Za Okutobala musandifunse.
Kapinga anapsa, utsi wa osaka mbewa unadya phiri theka,
mpopi unkatsokomola usanatulutse madzi.
Ndani angagule nyumba ili ndi ludzu?

Pa Disembala anafika wa ku Joni,
wotchi yolemera, nsapato zosadziwa fumbi.
Sanalowe n'kuchipinda komwe.
Anayeza bwalo ndi mapazi, akuwerenga mokweza,
nati apa dziwe losambiramo, apa bala,
mpeyala uwu uchoke, alendo aziimika galimoto.
Mtengo sanatsitse ngakhale tambala.
Ndinamuuza kuti mapepala a malo ali kwa loya,
loyayo ali kumaliro ku Muloza.
Mpeyalawo tinaubzala chaka chimene Tiyese anabadwa,
mbewu yake Edina anaibisa m'chikwama pochoka kwawo.

Tiyeseyo amaimba Lamulungu lililonse.
Ababa, nyumbayo yakukulirani
ngati jekete la mwini wake.
Penshoni ikuthera mlonda ndi wotchetcha kapinga,
inu mumagona chipinda chimodzi,
zitatuzo mukusungira akangaude.
Sanama.
Usiku ndikatsokomola pabalaza
khonde la m'kati limandibwezera chifuwa changa chomwe.

Ndawerenga miyezi pa zala, ndabwerezanso.
Uliwonse uli ndi chilema chake:
wina matope, wina nkhungu, wina fumbi,
wina anthu alibe ndalama poti alipira fizi.
Zaka makumi atatu kuesiteti
ndinkadziwa tsiku loti tsamba lithyoledwe,
masamba awiri ndi kansonga,
ukachedwa sabata lakhwima, lataya mtengo.
Koma pa mphuthu ya chitseko cha kukhitchini
pali timizere ta pensulo, ana anayi kukwera chaka ndi chaka,
ndipo palibe kalendala imene yandiuza
mwezi woti munthu wina apakepo penti.

Chikwangwani chasuluka tsopano.
Msomali wopindika uja unagonja,
chikulendewera chammbali, mphepo ikamachigwedeza
chimagogoda ngati mlendo wamanyazi.
Manambala awiri a foni afufutika,
sindinamuuze Namatika.

Dzulo wabweranso, chipewa m'manja,
nati: Bwana, mundiuze zoona, tigulitsa liti?
Kumwamba kunali kutada, Sapitwa osaoneka,
madontho oyamba akulira pamalata.
Ndinamusiya pakhonde ndi funso lake
ndikukatenga beseni la buluu.
Pobwerera ndinati: Tayesani Epulo.